Jasi Loyera la Safia

1. Dzina lofika mwini wake asanafike

Kwa Chilawe, mudzi wa m'njira yopita ku Makanjira, anthu anali ataiwala kuti Safia ali ndi dzina lake. Amayi a pamjigo, ana a sukulu, ngakhale asodzi amene sakonda kutaya mawu, onse ankangoti Adokotala.

Zinayamba ngati nthabwala. Safia ali Fomu 1, mlendo wina anafunsa ana kuti adzakhala ndani akadzakula. Safia anaimirira n'kunena kuti adzakhala dokotala. Anthu anaseka, koma dzinalo linamukanirira ngati fungo la usipa m'chitenje.

Tsono kusukulu ya udokotala salowa ndi dzina. Kumeneko amafuna mapointi ochepa zedi pa mayeso a Fomu 4, ndipo Kemisitiri, Fizikisi, Bayoloje ndi Masamu zonse ziyenera kuwala. Malo ndi ochepa, koma owafuna ndi dziko lonse.

Safia anali atalemba kale mayesowo kawiri. Ulendo woyamba anapeza mapointi 19. Ulendo wachiwiri anapeza 13, mudzi wonse unalulutira, amayi ake anapha nkhuku. Maina a osankhidwa atatuluka, lake munalibe. Kemisitiri ndi imene inamukoka mwendo.

Wina asaname kuti mtsikanayu anali waulesi. Anawerenga mpaka maso anayamba kutuluka misozi okha. Tulo tikamamuvuta ankaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira, monga amachitira ana ambiri a Fomu 4. Anaonda mpaka siketi ya sukulu ankaimanga ndi kachingwe. Buku la Kemisitiri linali limodzi, lopanda chikuto, ndipo ankachita kulandirana.

Anzake amene anayamba nawo Fomu 1, ena anali ndi ana awiriawiri, ena anali ku Joni n'kumatumiza zithunzi atatsamira magalimoto a eni. Iye anali pa benchi lomwe lija, m'kalasi lomwe lija, pamodzi ndi ana amene anawasiya ku pulayimale. Zinkamupweteka, koma sankauza munthu.

Vuto lenileni linali loti sukulu yawo yoyendera inalibe labotale. Pulakitiko ankaphunzira ndi choko. Aphunzitsi a Lekani ankajambula mabotolo pa bolodi n'kunena kuti, "Tsopano yerekezani kuti madziwa asanduka pinki." Ana ankayerekeza ndithu, ena mpaka kutsinzina. Koma pa mayeso sachonga zoyerekeza.

Zipangizo zenizeni Safia anali atazigwirapo kawiri kokha, ndipo maulendo onse awiri munali m'chipinda cha mayeso, woyang'anira ali chilili kumbuyo kwake. Kawiri konse manja anamunjenjemera.

2. A Lekani apeza khomo

Mwezi wa Juni, mayeso atayandikira, a Lekani analowa m'kalasi akumwetulira. Ana anayang'anana, chifukwa bamboyu kumwetulira ankachita kuumira. Anabwera kuchokera ku Ntcheu tsitsi lili bii, ndipo sukulu imeneyi inali italiyeretsa lonse.

"Ndapempha, ndagwada, ndanyozeka," anatero. "Sukulu ina yaikulu pa boma yavomera kutitsekulira labotale yake Loweruka lino, m'mawa wokha. Akuti tibwere ndi ana ochepa, aliyense avale jasi loyera, ndipo wochedwa salowa."

Pa osankhidwawo panali Safia ndi mnzake Mtisunge, mwana wa mphunzitsi wa ku pulayimale, amenenso ankalota udokotala. Ana ena atatuluka, a Lekani anatsalitsa awiriwa.

"Inu amene mukufuna udokotala, khalani pansi ndikuuzeni zoona, chifukwa kunama ndatopa nako. Chibwerereni pa sukulu pano sindinatumizeko mwana ndi mmodzi yemwe kusukulu ya udokotala. Si kuti ana a kuno ndi mbuli, ayi. Ndaphunzitsapo mitu yakuthwa kuposa yanuyi. Wina pano akupalasa kabaza pa boma. Ndikakwera amakana kundilipiritsa, ine n'kumalira chamumtima njira yonse. Wina akugulitsa makala. Wina anabwereza katatu, kenaka anangosiya kulankhula ndi anthu.

"Mukupikisana ndi ana amene anayamba kuswa mabotolo a mu labotale ali Fomu 1, ana amene ali ndi laibulale, magetsi ndi mphunzitsi wake wa phunziro lililonse. Inu muli ndi ine ndekha ndi choko changa. Mpikisano ndi umodzi, koma anzanu anayamba kuthamanga dzulo. Ndipo ngakhale mutalowa, musaganize kuti mwafika. Kumeneko akakusefaninso, ena amabwerako ndi chikwama chokha.

"Sindikukuopsezani. Ndikungofuna kuti Loweruka limeneli muligwire ndi manja awiri. Amene aliphonye asadzandifunse lina. Ndilibe."

Mtisunge anaseka pang'ono pofuna kupeputsa nkhani. Safia sanaseke. Anali ndi mantha, ndipo mantha akewo anali ndi chifukwa.

3. Nsalu ili ndi pakamwa

Bambo a Safia anatchona ku Joni iye ali wakhanda. Amene ankamulipirira sukulu anali amalume ake, Che Sumani, telala wa pakhonde la golosale pafupi ndi mzikiti. Anali munthu wofatsa, wosakweza mawu, koma akanena chinthu sankachibwereza.

Jasi la Safia anasoka okha, poonera chithunzi cha m'buku la Bayoloje. Lachisanu atabwerako ku mapemphero a Juma anamaliza kuika mabatani. Linatuluka lokongola kwambiri, la kolala ndi matumba awiri, loyera mbee.

Safia atalivala, amayi ake anagwira pakamwa. "Mashallah! Mwana wanga yemwe uja?"

Mtsikanayo anadziyang'ana pa galasi la windo la golosale, n'kutembenuka, n'kudziyang'ananso. Kwa nthawi yoyamba chilepherereni anadziona ngati munthu amene akupita kwinakwake.

"Vula," anatero Che Sumani. "Vula, ulipinde, ukhale apa."

Safia anakhala pansi pafupi ndi makina.

"Mwana wa mlongo wanga, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma nsalu ndimaidziwa. Nsalu ili ndi pakamwa. Imalankhula mwini wake asanalankhule. Kale ndinasokera munthu wina mkanjo wautali ndi kofia yokongola, munthu wosadziwa ngakhale poyambira swala. Anapita nazo kumaliro kwa eni. Anthu ataona zovala anamukankhira kutsogolo kuti atsogolere mapemphero. M'malo monena kuti pepani sinditha, anaima kutsogoloko n'kumang'ung'udza zosamveka. Mpaka lero kumudzi kumeneko sapondako.

"Jasi ili ukalivale mu labotale mokha. Pa njira likhale m'chikwama. Anthu a mudzi uno anakupatsa dzina nthawi isanakwane, ndipo ine dzina limenelo silindisangalatsa. Ndimamva kuti amakuonetsa zilonda ndi timapepala ta mankhwala, iwe n'kumagwedeza mutu ngati ukudziwa. Leka zimenezo. Mawu oti sindikudziwa sanaphepo munthu. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata.

"Ndipo udziwe ichi. Nsalu imeneyi ndadula pa mpukutu womwe ndimadulapo sanda yokulungira maliro. Ndi nsalu imodzi. Uziiopa."

Amayi a Safia anadandaula. "Achimwene, mwana akupita kokaphunzira, inu mukumutchulira sanda?"

"Ndikumutchulira chifukwa ndimamukonda," anayankha Che Sumani. Anachotsa magalasi n'kupukuta m'maso. "Chinanso, Safia. Chaka chino ndi chomaliza. Maso anga sakuonanso ulusi, ndipo makina awa atopa. A kwa Abudu abwera kawiri kudzakufunsirira mwana wawo wa ku Joni uja, kawiri konse ndawabweza. Kachitatu ndilibe mawu owabwezera. Zikakanika, usadzati amalume ndi oipa."

"Ndamva, amalume."

Anapinda jasi bwinobwino n'kuliika m'chikwama. Anamvadi zonse, koma kumva ndi kusunga ndi zinthu ziwiri.

4. Pa siteji

Loweruka kunacha ndi mwera, mphepo yozizira ija imene imabweza asodzi kumtunda. Juzi ya Safia inali yobooka m'zigongono. Atangotuluka pakhomo anaima, anatsekula chikwama, n'kuvala jasi pamwamba pa juziyo.

"Kungofika pa siteji basi," anadziuza.

Tinene kuti kunkazizira, ndi zoona. Koma tinenenso kuti m'chikwama munalibe amene akanaliona.

Galimoto yopita ku boma m'mawa inali imodzi yokha, lole yonyamula madengu a usipa. Ikadutsa imeneyo, ina inali ya masana. Pa siteji panali kale a Lekani, Mtisunge ndi anyamata a Fomu 4, majasi awo ali m'majumbo. Panalinso amayi a madengu ndi anyamata a kabaza, ndipo Safia atatulukira anthu anakuwa.

"Eee! Adokotala aja atheka!"

"Lero ndiye jekeseni tibayidwira pompano!"

Safia anaseka mwamanyazi, koma zinamukomera. Zaka zonse zija ankadutsa pamenepa atazolika, anthu akunong'onezana za kubwereza kwake. Lero ankamuyang'ana mwina.

Nthawi yomweyo kunafika Abiti Shafi, mayi wachitsikana woyandikana nawo nyumba. Mwamuna wake anali atapita kukapha nsomba ku Makanjira. Kumsana anabereka khanda lake Hafiz, kudzanja akukoka mkulu wake, amene anali asanalimbe miyendo.

"Alhamdulillah ndakupezani, Adokotala," anatero ali wefuwefu. "Tamuoneni Hafiz. Kuyambira dzulo thupi moto, bere akukana, ndipo akupuma ngati wathamanga."

Anamasula mwanayo n'kumuvundukula. Maso anali otsinzina mwatheka. Timphuno tinkatukuka, ndipo akamakoka mpweya khungu la pansi pa nthiti linkalowa m'kati.

Safia ankatha kujambula mapapo osayang'ana m'buku, n'kulemba dzina la kachiwalo kalikonse osaphonya. Koma buku lake silinamuuzepo tanthauzo la nthiti zolowa m'kati chonchi.

"Mukanena kuti n'za kuchipatala, tipite," anapitiriza Abiti Shafi, "koma mundiperekeze. Ndekha sindingathe, ana awiri, mtunda wonse uja. Mungondigwirira wamkuluyu. Koma mukati n'zazing'ono ndidikira, pakuti usipa wa eni uli pa thandala, ndikausiya andilanda ganyu."

Chipatala chaching'ono cha kuderalo chinali kutali, ndiponso mbali ina, osati ya ku boma. Kupita kumeneko kunali kusiyana ndi lole, ndipo kusiyana ndi lole kunali kusiyana ndi labotale.

Lole inatulukira pa khona ikuliza hutala. A Lekani anali kalikiliki kukweza anyamata, sanamve zimene zinkakambidwa. Koma amayi a madengu anamva, ndipo anazungulira.

"Takhalani chete inu," anatero mmodzi. "Adokotala akuyeza."

"Safia, kwera!" anakuwa a Lekani ali pamwamba.

Safia anaika dzanja pachipumi pa mwanayo monga anaonera pa kanema. Anali wotentha ngati mbale ya pamoto. Anayang'ana amayi aja, anayang'ana lole, kenaka analankhula ndi mawu odekha amene iye mwini anadabwa nawo.

"Ndi chimfine cha mwera ichi. Mumufunditse, mumupatse kachidutswa ka panado, muziyesa kumuyamwitsa. Pofika mawa akhala bwino. Akapanda kusintha tidzapita limodzi."

Nkhope ya Abiti Shafi inamasuka. "Sikomo, Adokotala, sikomo. Mulungu akudalitseni. Mtima wanga wakhala pansi."

Anaberekanso mwana wake n'kubwerera kunyumba. Safia anakwera, anakhala pa dengu, lole inanyamuka.

Mtisunge anamunong'oneza. "Iwe, wadziwa bwanji kuti ndi chimfine?"

"Ndi nyengo yake," anayankha Safia akuyang'ana kumbali.

Lole inapitirira mpaka inawoloka mlatho wa Shire.

5. Dontho limodzi

Labotale inali yaikulu kuposa makalasi awiri a kwawo. Munali mabenchi aatali, masinki, mipopi ya madzi, ndi makabati odzaza mabotolo. Anyamata a kwa Chilawe analowa monyang'ama, manja kumbuyo, kuopa kuswa za eni. Pa windo panali ana a pasukulupo akusuzumira, ena akuseka majasi a kwa telala.

Mphunzitsi wa labotaleyo, mayi wa magalasi wolankhula mwachangu, anawaonetsa ntchito ya tsikulo. Aliyense anapatsidwa byureti, chubu chagalasi chachitali chokhala ndi kampopi kumunsi. Madzi a mankhwala a m'chubumo ankayenera kudonthera m'kabotolo kokhala pansi pake. Madzi a m'kabotolo akangoyamba kuoneka pinki wapatalipatali, kampopi katsekedwe. Dontho limodzi lowonjezera, yankho lalakwika.

"Ntchito imeneyi si ya anzeru okha," anatero mayiyo. "Ndi ya odekha. Ndaona ana oloweza buku lonse akulephera pompano, chifukwa mutu uli kwina, dzanja lili kwina. Maso pa botolo, chala pa kampopi. Wosadziwa poimira sakhoza."

Mtisunge analakwitsa koyamba. Kachiwiri madzi ake anasintha pang'onopang'ono, iye n'kutseka pa nthawi yake. Anadumpha ndi chimwemwe mpaka a Lekani anamudzudzula akumwetulira.

Safia anatsekula kampopi kake. Madzi anathamanga, kabotolo kanafiira ngati sobo wa pa ukwati. Anataya, anatsuka, anayambiranso.

Kachiwiri anatsekula pang'ono kwambiri. Madontho ankagwa tho, tho, tho, mofulumira, ndipo iye ankangomva kupuma kwa Hafiz. Pamene amadzidzimuka, madzi anali atafiira kale.

Kachitatu dzanja linayamba kunjenjemera monga linkachitira pa mayeso. Anagunda kabotolo, madzi ofiira anamuthimbirira pa mkono wa jasi.

"Madamu, ndingayesenso?" anafunsa.

"Mankhwala amene tinakupatulirani atha, mwanawe, ndipo nthawi yakwana. Ana athu akudikira panja."

Atatuluka, a Lekani anamuitanira pambali, pansi pa mtengo wa mango. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Safia, mutu wako unali kuti? Pogwada paja ndimagwadira iwe. Mtisunge ali ndi chaka china, iwe ulibe. Mayeso ali pakhomo, ndipo dzanja lako likadali lomwe lija la chaka chatha. Ine ndathera pamenepa, mwana wanga. Sindikudziwanso chokuchitira."

Safia anangoti zyoli. Anasiya mwana wodwala pa siteji chifukwa cha m'mawa umenewu, ndipo m'mawawo unadutsa osamusiyira kanthu.

6. Mlomo umutsata

Lole yobwerera siinyamuka isanadzaze. Anakhala pafupi ndi msika mpaka dzuwa linapendeka, anyamata a kabaza akuliza mabelu uku ndi uku. Mtisunge anagula chinangwa chokazinga, koma Safia anakana kudya. Mwera unkaombabe, ndipo jasi linali likadali m'thupi.

Foni yake inalira. Anali Che Sumani.

"Uli pati?"

"Pa siteji, amalume. Tikudikira lole."

"Usakwere. Pita kuchipatala chachikulu pomwepo. Mwana wa Abiti Shafi anakomoka masana. Ndinawakweza njinga yamoto kupita kuchipatala chathu chino, ndipo kumeneko angomuona n'kuitana ambulansi. Mayiyo pa boma alibe m'bale. Wamkulu uja ali ndi amayi ako."



"Safia," anatero amalumewo. "Jasi lija linali m'chikwama?"

Safia anayang'ana mkono wothimbirira wa jasi limene anavala.

"Ndamva kale," anatero Che Sumani, n'kudula foni.

Safia anathamanga. Mtisunge anamuitana, a Lekani anamuitana, koma sanacheuke. Anadutsa pakati pa njinga ndi ma minibasi, nsapato zikumwaza mchenga, mpaka anafika.

M'khonde la chipatala munali anthu odikirira odwala, atakhala pansi ndi mabeseni ndi mitolo yawo. Ataona jasi loyera anapinda miyendo kumupatsa njira. Bambo wina wachikulire anavula chipewa.

"Tapatukani, adutse adokotala."

M'mawa mawu amenewa ankamukomera. Tsopano aliyense womupatsa ulemu ankakhala ngati wamuwaza mbama.

Anapeza wodi ya ana n'kuima pakhomo. Hafiz anali pa bedi la pakona, kachubu ka mpweya kali m'mphuno, diripi ili pa kadzanja. Milomo yake inali itada. Abiti Shafi anali atagwada kumiyendo kwa bedi, mpango utagwera m'mapewa.

Pambali panaima dokotala wamkazi. Sanali wamkulu kwenikweni, mwina kungomuposa Safia zaka zochepa. Jasi lake linali lofwifwa, lothimbirira inki pa thumba, ndipo maso ake anali a munthu wotopa.

"Mayi," ankatero dokotalayo, "mwanayu ali ndi chibayo, ndipo chafika patali. Tiyesetsa, koma sindingakulonjezeni kanthu. Mwana akamapuma mothamanga, nthiti zikulowa m'kati, bere akukana, sitidikira ayi. Timasiya chilichonse n'kuthamanga naye. Mwati anayamba dzulo. Akanafika m'mawa bwenzi tikukamba zina. Munachedwa kuti?"

"Sindinachedwe dala," analira Abiti Shafi. "Ndinamuonetsa kwa adokotala m'mawa. Anamuyeza, anati ndi chimfine, ndidikire mawa. Zonse zimene anandiuza ndinachita. Kumufunditsa ndinamufunditsa, panado ndinamupatsa."

"Dokotala wake uti ameneyo?"

Palibe amene anali atamuona Safia. Khonde linali kumbuyo kwake. Akanatha kubwerera, kuvula jasi, kulipinda m'chikwama n'kukakwera lole. Phazi limodzi linabwereradi m'mbuyo.

Nthawi yomweyo Abiti Shafi anacheuka. Pankhope pake panalibe mkwiyo ngakhale pang'ono. Panali chimwemwe cha munthu amene waona m'bale wake kuchilendo, ndipo chimenechi ndi chimene chinamuswa mtima Safia.

"Alhamdulillah! Ndi awa afikawa. Adokotala, bwerani. Tawauzani anzanuwa kuti sindinachedwe dala."

Amayi onse a m'wodimo anatembenuka. Dokotala uja anamuyang'ana Safia kuyambira pansi: nsapato za fumbi, siketi ya sukulu, jasi latsopano lothimbirira pa mkono, mzere wa choko cha telala ukuonekabe m'mphepete mwa thumba.

"Bwerani pafupi," anatero motsitsa mawu.

Safia anayenda mpaka pa bedi.

"Ndinu amene munamuona mwanayu m'mawa?"

"Eya."

"Munaona chiyani kuti munene kuti ndi chimfine?"

Safia anayang'ana kachifuwa ka Hafiz kakukwera ndi kutsika. Mawu aja amene amalume ake anati sanaphepo munthu anamufika pa lilime, atachedwa ndi tsiku lathunthu.

"Sindikudziwa," anatero. "Ine sindine dokotala. Ndili Fomu 4."

Abiti Shafi anagwira chitsulo cha bedi n'kudzuka pang'onopang'ono. Anayang'ana jasi loyera lija, anayang'ana mwana wake, kenaka anayang'ana Safia m'maso.

"Mwati chiyani, Adokotala?"